Laputopu ya magemu pa kandalama ka mwana wasukulu, muziyang'ana chani?

Abale, ngati mwakhala mukusunga kandalama kanu kuti mupeze laputopu yoti masana muzilembera ma asainimenti kenako usiku muzimenyerapo magemu, dikirani kaye musanapereke, chifukwa pa zinthu zonse za makompyuta palibe pamene anthu amapusitsidwa kwambiri kuposa apa. Bokosi lalembedwa GAMING ndi zilembo zikuluzikulu, kiyibodi ikuwala mitundumitundu, pakona pali ka sitika ka Core i7, wogulitsa akukuuzani kuti "iyi nde imasewera chilichonse bwana", inu mtima dyokodyoko, ndalama nkupereka. Kufika kuchipinda, kuika gemu, basi ikungojama, mafani akungolira, ndipo ndalama ija yapita.

Ine maganizo anga ndi amodzi ndipo zonse zomwe ndilembe pansipa zikuchokera pamenepo. Ndalama zanu zambiri zipite ku zinthu zomwe simungadzazisinthe, zomwe mungadzaonjezere chaka chamawa musazilimbire lero. Mu laputopu GPU, kachipangizo kamene kamajambula zithunzi za gemu, komanso CPU, ubongo wa makinawo, anaziwotcherera pa motherboard, sizichoka, zomwe mwagula ndi zomwezo mpaka makinawo adzafe. Sikirini amisiri amatha kusintha koma ndi ntchito yodula komanso yovuta kupeza yogwirizana. Pamene RAM, memory imene makina amagwiritsa ntchito akamayenda, ndi SSD, mosungira mafayilo anu, pa malaputopu ambiri a magemu, mumangomasula masikuluwu apansi nkulowetsa ina basi. Nde mukapeza malaputopu awiri mtengo wofanana, ina GPU yabwino koma RAM 8GB, inayo GPU yofooka koma RAM 16GB ndi SSD ya 1TB, tengani yoyambayo osazengereza.

Koma musanayambe kuthamangira ma model, khalani pansi mulembe magemu amene mumasewera zoona, osati amene mumangoonera anzanu pa YouTube nkumalakalaka. Valorant, League of Legends, Dota 2, Minecraft, Rocket League, eFootball, awa ndi opepuka, safuna zambiri. EA Sports FC, ija tinkaitcha FIFA mpaka 2023, GTA V, Fortnite, Apex Legends ndi Forza Horizon 5 ali pakatikati. Cyberpunk 2077, Red Dead Redemption 2, Hogwarts Legacy, Black Myth: Wukong ndi ma Call of Duty atsopanowa nde olemera. Gemu iliyonse pa Steam, mukatsika pansi pa tsamba lake, amalemba zomwe imafuna m'magulu awiri, minimum ndi recommended. Muziwerenga za recommended, chifukwa minimum tanthauzo lake nlakuti gemu itseguka basi, zoti musangalala nayo sakulonjezani.

Ndipo ndinene pano pano, ngati pamndandanda wanu pali magemu opepuka okhaokha, mwina simukufunikanso laputopu ya magemu nkomwe. Malaputopu wamba okhala ndi Ryzen imene ili ndi Radeon 680M kapena 780M mkati mwake amasewera magemu amenewa bwinobwino pa 1080p mukatsitsako ma setting, ndi opepuka kunyamula, batire limakhalitsa, ndipo sachita phokoso mkalasi. Kungoti RAM yake ikhale 16GB. Anthu ambiri safuna kumva zimenezi chifukwa laputopu yotereyi siwala, koma ndi zoona.

Tsopano GPU. Pa bajeti ya mwana wasukulu pafupifupi zonse zomwe mukumane nazo ndi za NVIDIA, ndipo mayina ake ali ndi dongosolo losavuta mukalidziwa. Tengani RTX 4050. Manambala awiri oyambawo, 40, ndi m'badwo, awiri omalizawo, 50, ndi msinkhu wake mkati mwa m'badwowo. Ma 30 anabwera m'malaputopu 2021, ma 40 mu 2023, ma 50 mu 2025. Msinkhu 50 ndi woyambira, 60 ndi wapakati, 70 kupita m'mwamba nde za anthu a ndalama. Musamangoona kuti nambala ndi yaikulu nde kuti ndi yamphamvu ayi, RTX 3060 yopatsidwa mphamvu zokwanira imapikisana ndithu ndi 4050 ngakhale ndi yakale, pamene kuchoka pa 3050 kufika pa 4050 kusiyana kwake nkwakukulu kwambiri, mumachita kuona ndi maso. GTX 1650 inatuluka 2019, inatumikira anthu bwino koma nthawi yake yatha, muitenge pokhapokha ngati ndi yogwiritsidwa kale ntchito ndipo akukupatsani motchipa kwambiri. RTX 2050 dzina lake limakopa chifukwa pali RTX koma ndi yofooka, ili ndi 4GB yokha. Ndipo zija za MX, kaya MX450 kaya MX550, si za magemu olemera, wina asakunamizeni kuti "ili ndi graphics ya NVIDIA" basi inu nkukomedwa.

Kenako pali VRAM, memory ya GPU-yo payokha, osaisokoneza ndi RAM wamba. Iyinso siyonjezereka. 4GB lero ndi yochepa pa magemu atsopano, mumapeza gemu ikuyenda bwino kenako mukalowa malo atsopano imaima kaye pang'onopang'ono, makoma ndi nkhope za anthu zikuoneka zosamveka bwino ngati sizinamalize kutsegula. 6GB ndi poyambira, 8GB nde mwapuma. RTX 4050 ili ndi 6GB, 4060 ili ndi 8GB, 5050 ndi 5060 za m'malaputopu zonse 8GB. Pa RTX 3050 samalani chifukwa ilipo ya mitundu iwiri, ya 4GB ndi ya 6GB imene inabwera pambuyo pake, ndipo ogulitsa ena amangolemba "RTX 3050" osanena kuti ndi iti. Funsani, ndipo akuonetseni pa makinawo osati pakamwa.

Ubwino wa RTX iliyonse ndi DLSS, njira imene gemu imajambulidwa pa resolution yotsika kenako GPU nkuikulitsa mochenjera kuti izioneka ngati 1080p yeniyeni, nde ma FPS, kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi, amakwera popanda kutaya zambiri. Ma GTX alibe zimenezi, amadalira FSR ya AMD imene imagwira pa ma GPU ambiri. Frame Generation, yoonjezera mafelemu pakatipakati, ya NVIDIA inayambira pa ma 40. Koma ray tracing, ija yojambula kuwala ndi mithunzi ngati zenizeni, imene amaionetsa kwambiri pa zotsatsa, pa 3050 kapena 4050 ingoiwalani, muzidzaizimitsa nthawi zambiri.

Apa tsopano nde pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ambiri sadziwa: mawati. GPU ya dzina limodzi simathamanga mofanana m'malaputopu onse. NVIDIA amalola opanga malaputopu kusankha okha mphamvu ya magetsi imene GPU izilandira, ndipo pa 4050 ndi 4060 amasankha kuyambira 35W mpaka 115W, ena nkuonjezerapo kena kudzera mu Dynamic Boost kufika 140W. Nde mupeza MSI Cyborg 15 yalembedwa RTX 4060 koma ikuyenda pa 45W, pamene ASUS TUF A15 ya 2023 yalembedwanso RTX 4060 yomweyo koma imafika 140W. Injini imodzi, koma wina akuithira mafuta ndi supuni. Zotsatira zake 4060 ya mawati ochepa imatha kufanana kapena kugonja kumene kwa 4050 ya mawati ambiri, yomwe ndi yotchipa. Sikuti ya mawati ochepa ndi yoipa nthawi zonse, imakhala yopyapyala, yopepuka, siitentha kwambiri, koma muzidziwa chomwe mukulipira, osati kupereka ndalama ya 4060 yonse nkulandira theka lake.

Mungadziwe bwanji? Pa webusaiti ya wopanga, pa tsamba la model yeniyeniyo, fufuzani mawu akuti TGP kapena Maximum Graphics Power. Ngati laputopu ili patsogolo panu, tsegulani NVIDIA Control Panel, pansi kumanzere pali System Information, dinani pamenepo ndipo muona Maximum Graphics Power yalembedwa ndi nambala yake. Njira ina yachidule, tembenuzani tchaja muwerenge zolembedwa kuseri. Tchaja ya 120W singadyetse GPU ya 115W pamodzi ndi CPU ndi sikirini, nde mukaona tchaja yaing'ono dziwani kuti GPU anaichepetsera mphamvu. Za mawati okwanira zimabwera ndi tchaja ya 170W, 200W, 230W kapena kuposa. Komanso musakokomeze mbali inayo, pa 4050 ndi 4060 mukadutsa cha m'ma 100W phindu loonjezera limakhala lochepa kwambiri, nde ya 105W ndi ya 140W sizisiyana moti mpaka muonjezere ndalama zambiri.

Ngati ili ndi MUX switch kapena Advanced Optimus ndi bwino, zimathandiza kuti zithunzi zizichoka ku GPU molunjika kupita pa sikirini ndipo ma FPS amakwerako makamaka pa magemu ngati Valorant ndi Counter-Strike 2. Ngati ilibe si nkhani yoti muisiyire.

CPU nde pamene ogulitsa amadyera anthu ndi ka sitika kaja. Core i5 kapena Ryzen 5 ya posachedwapa ndi yokwanira pa 4050 ngakhale 4060. Kulipira zambiri chifukwa cha i7 pamene GPU ndi 3050 kapena 2050 nkutaya ndalama, magemu ambiri amayamba kutopetsa GPU kaye CPU isanafike potopa. Muziyang'ana dzina lonse, osati i5 kapena i7 yokha. Chilembo chakumapeto ngati ndi U, imeneyo anaipangira malaputopu opyapyala a muofesi kuti batire lizikhalitsa. H, HS ndi HX ndi zimene zili za ntchito yolemera. Ndipo m'badwo ndi wofunika, i7-8550U ya 2017 siingafike pa i5-12450H ngakhale dzina likumveka lalikulu. Zomwe mupeze kwambiri pa bajeti imeneyi ndi i5-12450H, i5-13420H, Ryzen 5 7535HS, Ryzen 5 7640HS, Ryzen 7 7735HS, zonsezi ndi zabwinobwino. Pa ma Ryzen 7000 nambala yachitatu ndi imene imakuuzani zoona, 7640HS ili ndi 4 kutanthauza Zen 4, 7535HS ili ndi 3 kutanthauza kuti mkati mwake ndi za m'badwo wa Zen 3, pamene 7520U ndi Zen 2 yakalekale imene anangoipatsa dzina latsopano. Ina yoti muisamale ngati mumakhala nthawi yaitali kutali ndi soketi ndi Ryzen 7 7435HS, iyi ilibe graphics yaing'ono ya mkati, nde GPU yaikulu ija imakhala yoyaka nthawi zonse ngakhale mukungolemba pa Word, batire silichedwa kutha.

Pa RAM, 16GB ndi imene mukufuna pomaliza pake. Windows 11, Chrome ndi ma tab ake khumi a kafukufuku wa asainimenti, Discord, kenako gemu pamwamba pake, 8GB imabanika. Koma kugula ya 8GB si tchimo bola pali malo oonjezera. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, pitani pa Performance kenako Memory, muona pamene palembedwa Slots used. Ngati ikuti 1 of 2 nde kuti malo alipo. Ndipo tima RAM tiwiri timagwira bwino kuposa kamodzi, 8GB iwiri imaposa 16GB imodzi makamaka pa DDR4, chifukwa zimayenda njira ziwiri nthawi imodzi. DDR4 ndi DDR5 sizilowana, kamphako kake kali malo osiyana, nde mudziwe kaye mtundu wa yanu musanakagule yoonjezera. Ngati palembedwa LPDDR kapena onboard, imeneyo anaiwotcherera, siyonjezereka. Chinanso, kumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera kwambiri, nde musanadalire kuti "ndidzaonjezera", funsani kaye mtengo wa yoonjezerayo muphatikize pa bajeti, mwina ya 16GB yobwera nayo kale ikhoza kutuluka yotchipa.

SSD ikhale ya NVMe, yosachepera 512GB. Ya 256GB ayi ndithu. Ya 512GB yomweyo Windows imakuonetsani pafupifupi 476GB, itengeko gawo lake, kenako Red Dead Redemption 2 yokha imafuna 150GB, EA Sports FC imafuna 100GB, muike ma pulogalamu a kusukulu, basi yadzaza. Nde funsani ngati pali malo achiwiri a M.2 olowetsapo SSD ina, chifukwa ena ali ndi amodzi okha ndipo pamenepo kuti mukulitse nkofunika kuchotsa yakale nkuikanso Windows. Laputopu imene Windows yake ili pa hard disk yozungulira ija musaiganizirenso.

Sikirini ndi pamene makampani amabisa kutchipa, chifukwa amadziwa kuti tonse timangoyang'ana 144Hz, kangati sikirini imasintha chithunzi pa sekondi. Inde 144Hz ndi yabwino, mukaizolowera 60Hz imaoneka yolemera, ndipo 1920x1080 kapena 1920x1200 ndi yoyenera pa ma GPU amenewa, ya QHD ingolemetsa 4050 pachabe. Koma werengani mzere wotsatira. Ngati palembedwa 45% NTSC, mitundu yake imakhala yotuwa, chofiira chimaoneka ngati chasuluka, udzu wa pa bwalo mu FC umaoneka wofota. Ya 72% NTSC kapena 100% sRGB ndi imene imaonetsa mitundu yeniyeni. Kuwala nakonso, 250 nits pafupi ndi windo masana muzichita kutsinzinira, 300 kupita m'mwamba ndi bola. Ngati mumangosewera ndi kulemba, ya 45% mukhoza kupirira nayo, ndipo tsiku lina mudzagula monitor nkulumikiza pa HDMI. Koma ngati mukuphunzira graphic design, kujambula zithunzi kapena kukonza mavidiyo, apa musanyengerere, chifukwa muzidzakonza mitundu pa sikirini yonama kenako mukaionetsa pa ina zonse zasintha.

Poti tatchula za kusukulu, amene mukuchita engineering, architecture kapena computer science, GPU ya NVIDIA imakuthandizaninso pa ntchito, Blender, DaVinci Resolve, Premiere Pro ndi PyTorch zimagwiritsa ntchito CUDA, njira ya NVIDIA yopatsira GPU ntchito zolemera, ndipo ma pulogalamu ngati Revit ndi SolidWorks ndi a Windows basi. Nchifukwa chake MacBook, ngakhale batire lake ndi lodabwitsa, pa nkhani ino ilibe malo, Valorant yomweyo pa Mac kulibe. Amene mumalowetsa manambala ambiri mu Excel onani ngati kiyibodi ili ndi mbali ya manambala kudzanja lamanja.

Kutentha. Laputopu ya magemu imatentha, zimenezo vomerezani, CPU kufika cha m'ma 90°C gemu ili mkati sizachilendo. Vuto limabwera ikamafika pa malire nkuyamba kudzichepetsera liwiro yokha kuti isapse, nde mumaona mphindi khumi zoyamba gemu ikuyenda bwino kenako ma FPS akutsika. Izi pa bokosi salemba, mumazidziwa poonera ma review. Tengani dzina lonse la model ndi manambala ake onse, mulilembe pa YouTube pamodzi ndi dzina la gemu yanu, muone anthu amene akuisewera akuonetsa ma FPS ndi kutentha pakona. A webusaiti ya Notebookcheck nawo amayeza zinthu mwatsatanetsatane, phokoso la mafani, kuwala kwa sikirini, batire, zonse. Yang'anani kuti ili ndi mafani awiri ndi timazenera totulutsira mpweya kumbuyo kapena m'mbali. Mpweya wozizira umalowera pansi, nde kusewera laputopu ili pa bedi pamwamba pa bulangete nkuipha pang'onopang'ono. Iikeni pa tebulo, kumbuyo kwake mukwezeko pang'ono ngakhale ndi buku, mpweya uzidutsa, ndipo fumbi muzilichotsa m'mafani pakapita miyezi ingapo.

Za batire musadzinamize. Malaputopu a magemu otchipa ambiri ali ndi batire la pakati pa 50Wh ndi 60Wh, ochepa ngati ma TUF ena amafika 90Wh. Polemba ndi kuwerenga limakupatsani maola ochepa, pa gemu nde ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo ikachoka pa magetsi mphamvu ya GPU imatsika yokha, gemu siyenda ngati ili pa tchaja. Kulemera nako, makinawo amakhala makilogalamu 2.2 mpaka 2.5, tchaja yake ndi chinthu chachikulu cholemera pachokha, muonjezere mabuku m'chikwama, tsiku lonse kuchoka kalasi iyi kupita ina, phewa limamva. Nde ngati mungapeze imene imalola kutchaja pa USB-C, ndi mwayi, mumanyamula ka tchaja kakang'ono ka 100W kopita nako mkalasi, chachikulucho nkuchisiya kuchipinda kudikira magemu. Osangoona kuti pali USB-C, werengani ngati palembedwa Power Delivery, chifukwa ena ndi a data basi. Mkalasi ikani pa Silent kapena Eco, tsitsani sikirini pa 60Hz, batire lipita patali ndipo anzanu mu laibulale sakuyang'anani moipa. Ndipo poti nthawi zambiri izikhala pa magetsi, yatsani zoti batire lisamadzaze mpaka 100%, pa Lenovo Vantage amati Conservation Mode, pa MyASUS mumasankha 80%, zimathandiza kuti batire lisafe msanga.

Za mayina a makampani sindilimbana nazo kwambiri. Kampani iliyonse ili ndi gulu lotchipa ndi lodula, Lenovo ali ndi LOQ pansi pa Legion, Acer ali ndi Nitro pansi pa Predator, ASUS ali ndi TUF pansi pa ROG, HP ali ndi Victus pansi pa Omen, MSI ali ndi Thin, Cyborg ndi Katana, Dell anali ndi G15 pansi pa Alienware. Inu malo anu ndi gulu lotchipalo, ndipo mulibe chochititsa manyazi, GPU yake ndi yomweyo, chimene amachepetsa ndi pulasitiki ya kunja, masipika, kamera ndi sikirini. Chofunika kudziwa nchakuti dzina limodzi ngati Nitro V 15 kapena Victus 15 limakhala ndi mitundu yambirimbiri mkati, ina 2050, ina 3050, ina 4050, sikirini zosiyana, nde review imene munaonera ikhoza kukhala ya makina ena osati amene akukugulitsaniwo. Muziyerekeza code yonse ya model imene imalembedwa pansi pa laputopu kapena pa bokosi.

Nanga yogwiritsidwa kale ntchito? Kwa mwana wasukulu nthawi zambiri dilu yabwino ili kumeneko, Legion 5 kapena TUF ya 2021 yokhala ndi RTX 3060 imaposa yatsopano ya 2050 kapena 3050 kutalitali. Koma pamafunika maso, ndipo wogulitsa amene akukuthamangitsani kuti "ndili pa changu, ingoyatsani muone kuti ikuyaka" musiyeni apite. Pemphani theka la ola, mupite ndi flash yokhala ndi GPU-Z, HWiNFO ndi CrystalDiskInfo, zonse ndi zaulere. Musanaiyatse, iikeni pa tebulo muone ngati ikukhala bwino osagwedera, yang'anani touchpad ngati yatukuka kapena sikudinika bwino, chimenecho nchizindikiro chakuti batire latupa mkati. Tsegulani chivundikiro pang'onopang'ono ndi dzanja limodzi mukumvetsera, ngati pa mahinji pakumveka kuthetheka kapena pulasitiki ikutseguka pakona, posachedwa ithyoka. Tembenuzani muone masikuluwu, ngati mitu yake yaperepeseka kapena ena akusowa nde kuti inatsegulidwa kambirimbiri, funsani chifukwa chake. Nunkhizani potulukira mpweya, fungo la chopserera silibisika.

Mukaiyatsa, GPU-Z ikuuzani GPU yeniyeni ndi VRAM yake. CrystalDiskInfo ionetsa thanzi la SSD ndi maola amene yakhala ikuyaka, nde ngati munthu akuti "ndangoigwiritsa ntchito miyezi iwiri" koma maola ali masauzande ambiri, mwadziwa amene mukuchita naye. Tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport, itulutsa fayilo yoonetsa Design Capacity ndi Full Charge Capacity, yoyambayo ndi mmene batire linalili lili latsopano, yachiwiriyo ndi mmene latsalira, ngati latsala theka mtengo utsike chifukwa mukagula lina. Ikani chithunzi choyera sikirini yonse, kenako chakuda, muone timadontho takufa ndi mizere. Tsegulani Notepad mudine batani lililonse, makamaka W, A, S, D ndi space chifukwa ndi amene osewera amawapha. Lowetsani flash pa USB iliyonse, yesani mahedifoni, Wi-Fi, kamera. Lowani mu BIOS, ma setting a makina amene mumalowa Windows isanayake, muone kuti mulibe password, ya password ya BIOS imene mwini wake "waiwala" musaikhudze, mwina ndi yobedwa kapena ya kampani. Kenako yatsani gemu yolemera kwa mphindi 20 tchaja ili yolumikiza, HWiNFO ili yotsegula. Mvetserani mafani onse awiri ngati akuzungulira popanda kukhulana, yang'anani ngati pa sikirini pakubwera timizere kapena timabokosi ta mitundu yachilendo, ndipo ikazima yokha kapena kubweretsa sikirini ya buluu, bwezani pomwepo, GPU yodwala siichira. Tchaja ikhale yake yeniyeni ya mawati oyenera, chifukwa yoberekera yaing'ono imachititsa kuti batire lizitsika ngakhale ili pa magetsi.

Pa zakalezi onaninso kuti ikulola Windows 11, chifukwa Microsoft anasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo, ndi CPU ya Intel kuyambira m'badwo wa 8 kapena, pa malaputopu, Ryzen 3000 kupita m'mwamba, ndipo Valorant pa Windows 11 simatseguka ngati TPM 2.0 ndi Secure Boot sizinayatsidwe. Tengani serial number muilowetse pa webusaiti ya wopanga, ikuuzani model yeniyeni ndi tsiku limene waranti inatha kapena idzathe. Ngakhale yatsopano funsani za waranti, makamaka ngati inagulidwa dziko lina, chifukwa si makampani onse amene amavomera kukonza kwaulere kunja kwa dziko limene inagulidwa. Lisiti sungani, lijambuleninso pa foni poti inki yake imafufutika.

Nthawi yogulira nayo imathandiza. Makampani amakonda kulengeza malaputopu atsopano mu January ku chionetsero cha CES ku Las Vegas, ma RTX 40 ndi ma RTX 50 oyamba a m'malaputopu analengezedwa kumeneko, ndipo atsopanowo akayamba kufika m'masitolo a chaka chathacho amatsika mtengo. M'badwo umodzi m'mbuyo ndi pamene pamakhala phindu. Makampani ena amatsitsiranso mtengo ophunzira mukalembetsa ndi imelo ya kusukulu, nde fufuzani kaye ngati kwanuko ziliko. Ndipo musathere ndalama zonse pa laputopu yokha, siyaniko ya mausi poti pa touchpad simungasewere, ya chikwama chokhala ndi siponji, mwina ndi controller ngati ndinu a FC. Ndalama ya fizi musaikhudze, ndipo ngongole yokhala ndi chiwongoladzanja chifukwa cha ma FPS ine sindingakulimbikitseni, bola kutenga 4050 ndi ndalama zanu kusiyana ndi 4060 ya ngongole. Magemu enieniwo simukuyenera kugula onse tsiku limodzi, Epic Games Store amapereka gemu yaulere sabata iliyonse, ndipo pa Steam mukagula gemu nkupeza kuti laputopu yanu sikuikwanitsa, amabweza ndalama bola musanadutse masiku 14 ndipo musanaisewere kuposa maola 2.

Mukafika nayo kuchipinda, sabata yoyamba ndi yoiyesa mwamphamvu pamene mukadali ndi mwayi woibweza. Chitani ma update onse a Windows, ikani driver yatsopano ya NVIDIA, chotsani ma antivirus oyeserera amene amabwera nayo poti Windows Security ndi yokwanira, pitani pa Display settings muone kuti sikirini ili pa 144Hz chifukwa nthawi zina imabwera ili pa 60, kenako ikani gemu yolemera kwambiri pa mndandanda wanu uja muisewere maola angapo ili pa tchaja, HWiNFO ikuyang'anira kutentha.